Nkhope ya Nangozo

Kalekale, m'masiku amene makina anali atangophunzira kumene kujambula nkhope za anthu amene sanawaonepo, ku Lizulu kunali mkulu wina wokhoma zidebe, dzina lake Kapalamula. Mkazi wake, Nangozo, anamwalira patangotha sabata ziwiri atabereka mwana wachitatu. Chithunzi chake chinalipo chimodzi chokha, cha pa ukwati, koma chinapsera m'nyumba chaka chotsatira. Kapalamula sanakwatirenso. Analera yekha ana ake atatu aakazi: Malita, Sigele ndi Elube.

Patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, maso a mkuluyu anayamba kuchita mdima cham'mbali. Kuchipatala anamuuza kuti siinali ng'ala yoti angapale. Mitsempha ya m'maso ndiyo inali kufa, ndipo pofika nyengo yokolola adzakhala sakuonanso. Anabwerera kunyumba, napachika nyundo yake, naitanitsa ana ake onse.

"Khungu sindikuliopa," anatero atasonkhana pakhonde. "Chikundiwawa n'chakuti nkhope ya amayi anu yandithawa. Mawu awo ndimawamva. Kayendedwe kawo ndimakaona. Koma ndikati ndiwayang'ane kumaso, pamangokhala nkhungu. Ndikanakonda nditawaonanso kamodzi ndisanalowe mumdima."

Sigele, wachiwiri uja, ankagwira ntchito ku Lilongwe pamalo osindikizira makadi a ukwati ndi zikwangwani. Iye anati, "Bambo, kuntchito kwathu tili ndi pulogalamu ya pakompyuta. Ukaiuza ndi mawu chimene ukufuna, imajambula."

"Inakumana nawo kuti amayi anu?" anafunsa Kapalamula.

"Sinakumane nawo. Anthu anaionetsa zithunzi zosawerengeka, chilichonse ndi mawu ofotokoza zimene zilipo, mpaka inazolowera kuti mawu akuti amayenda ndi maonekedwe akuti. Zili ngati inuyo, bambo. Munthu akati ndikufuna ndowa yakukamwa kwakukulu, simupita kukatenga ndowa imene munaiona kale. Manja anu adutsa m'ndowa zambirimbiri, ndiye mumangokhoma yatsopano. Iyonso imapanga chatsopano. Koma imangoyerekeza, ndipo ikalakwitsa sidziwa kuti yalakwitsa. Zimene sitinaiuze imadzaza ndi zake."

Mkuluyo anati, "Yesani, ana anga."

Woyamba kunyamuka anali Malita, mwana wamkulu. Amayi ake pomwalira n'kuti iye ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chimene ankakumbukira chinali msana wawo ndi fungo la sopo. Anasiya munda wake wa kachewere pa nthawi yopalira, nakwera ku Tsangano, kwawo kwa malemuwo. Kumeneko kunali mng'ono wawo wa Nangozo, amene chimwalirire mkulu wake anali asanapondenso ku Lizulu, chifukwa mumtima mwake ankati Kapalamula anachedwa kupita naye kuchipatala. Tsiku loyamba mayiyo sanamuyalire Malita ngakhale mphasa. Tsiku lachiwiri Malita anangotenga khasu n'kuwatsatira kudimba. Tsiku lachinayi mayiyo anaika khasu pansi, nalira, nati, "Ukawerama umafanana ndi achemwali anga. Funsa zimene wabwerera." Malita anawajambula pafoni kutsogolo ndi cham'mbali. Anajambulanso amalume ake awiri ndi ana awo. Anayenda khomo ndi khomo ndi kope la kusukulu, akulemba chilichonse chimene okalamba ankakumbukira. Wina ankati Nangozo anali woyera, wina ankati anali woderapo. Wina ankati anali wamtali, wina ankati unali mpango chabe umene unkamutalikitsa. Malita analemba zonse osasankha. Anabwerera patatha masiku khumi ndi limodzi, napeza munda wake utalowa thengo.

Wachiwiri anali Sigele. Anabwera ndi laputopu, nakhala pakhonde ndi kope la mkulu wake. Chithunzi choyamba chitatuluka, atatu onse anaseka mowawidwa mtima. Anali mkazi wa khungu losalala ngati mbale ya pulasitiki, ndolo zagolide m'makutu, kumbuyo kwake nyumba zosanjikizana, ndipo dzanja lake linali ndi zala zisanu ndi chimodzi. "Akazi a ku Tsangano makinawa anawaona ochepa," anatero Sigele. "Akusandutsa amayi athu munthu wa kumene anaona zambiri." Anayambiranso. Anaipatsa pulogalamuyo zithunzi za amayi aang'ono ndi amalume kuti itengereko mafupa a nkhope. Anasintha mawu, nachotsa ena, naphunzira kuti liwu limodzi lolakwika limakokera nkhope yonse kutali. Zithunzi zinadutsa makumi asanu, kenaka zana. Lachisanu abwana ake anaimba foni kuti akapanda kufika Lolemba, malo ake apatsa wina. Sigele anayang'ana bambo ake, amene tsopano ankafufuza chitseko ndi dzanja, ndipo Lolemba linamupeza pakhonde pomwepo. Pamapeto pake inatuluka nkhope imene aliyense akanati ndi ya mtundu wa Nangozo. Kapalamula anaiyandikiza kumaso, naiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapukusa mutu. "Uyu ndi mlamu wanga ali mtsikana," anatero motsitsa. "Si amayi anu."

Wachitatu anali Elube, chitsirizira. Iyeyu amayi ake sanawaonepo, ndipo kompyuta sankaidziwa. Ankakhala ndi bambo ake, kuwaphikira ndi kuwagulitsira zidebe pamsika. Moyo wake wonse ankathawa nkhani za malemuwo, chifukwa ali wamng'ono anamva mayi wina pamjigo akunong'ona kuti, "Mwana uyu ndiye anatenga amake." Koma tsopano anati kwa akulu ake, "Achemwali, makinawa tawapatsa zimene anthu ena akudziwa. Zimene bambo akudziwa sitinawapatse, chifukwa ifenso sitinazimve." Sanawafunse bambo ake za mphuno kapena za maso. Anawagwira dzanja, napita nawo kumsika, nati, "Munawaona ali pati tsiku loyamba?" Mkuluyo analoza pamene panali mtengo wa mkuyu kale. Anafotokoza mmene Nangozo anabwerera ndi poto wodontha, nakana mtengo wokonzetsera potoyo, namupendeketsera mutu kumanzere chifukwa khutu lakumanja silinkamva bwino. M'mawa mwake Elube anapita nawo kutchalitchi, ndipo kumeneko anakumbukira kuti Nangozo akamaseka ankabisa pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa dzino lake lakutsogolo linali lobenthuka. Tsiku lachitatu anafika kumanda. Pamenepo Kapalamula ananena za masiku omaliza, za malungo amene sanatsike, za mmene Nangozo ankayamwitsira khanda lake akunjenjemera, ndi mmene thukuta linkaimira pa kachipsera ka pansidze yake. Elube anamva zonse zimene anazithawa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anafunsa kuti, "Anandikwiyira?" Bambo ake anati, "Ankakuyimbira, mwana wanga." Elube analira pamandapo mpaka mawu anamuthera, kenaka anapukuta misozi, napita kukauza Sigele zonse: mutu wopendekera, dzanja pakamwa, dzino lobenthuka, kachipsera ka pansidze.

Sigele anaika mawu a Elube pamwamba pa zithunzi za Malita. Pagalasi panayamba timadontho ngati nkhungu ya m'mawa, ndipo pang'onopang'ono munatuluka mkazi atapendeketsa mutu, akuseka kuseri kwa dzanja lake.

Kapalamula anagwira laputopu ija ndi manja awiri, mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza galasi.

"Anali chonchi, bambo?" anafunsa Elube.

"Pafupifupi," anayankha. "Ndikudziwa kuti si iwowo. Maso awo anali ofatsa kuposa awa, ndipo makina sangawapeze. Koma mwandifikitsa pakhomo, ana anga. Mkatimo ndalowa ndekha. Ndikuwaona tsopano, ngakhale nditatsinzina."

Anachiyang'ana chithunzicho tsiku lililonse kwa miyezi itatu. Chimanga chitauma m'minda, mdima unamutsekera monga ananenera a kuchipatala. Sanadandaule. Nthawi zina ankapezeka atakhala pakhonde, akumwetulira yekha, mutu ataupendeketsa kumanzere.

Tsiku lina anaitananso ana ake. Anafufuza pansi pa bedi, natulutsa kabokosi kamalata kamene anakhoma yekha. Mkatimo munali mpango wobiriwira, wothothoka ulusi m'mbali. Ana akewo sankadziwa kuti ulipo.

"Uwu ndi wa amayi anu," anatero. "Anandimangira nawo chakudya tsiku lina, ine n'kuuiwala kumene ndinkagwirira ntchito, ndiye moto sunaupeze. Palibe chinanso chawo chimene chinatsala padziko. Ndinkati mudzandiike nawo m'manda, koma tsopano ndili ndi nkhope yawo, sindikuufunanso. Chithunzi Sigele atha kusindikiza zitatu. Mpango ndi umodzi, ndipo sindilola kuti ung'ambidwe. Ndikufuna ndiupereke kwa amene wandibwezera amayi anu."

Atatuwo anauyang'ana mpangowo, ndipo aliyense anaufuna ndi mtima wake wonse.

Malita anati, "Bambo, makina sakanakhala ndi poyambira ndikanapanda kukwera ku Tsangano. Chibwano chija, masaya aja, ndinakazitenga kwa anthu amene anatitsekera chitseko. Ndipo ndine ndekha amene ndinaberekedwa ku msana umene mpangowu unkagwerako ndili wozindikira."

Sigele anati, "Kope la achemwali likanangokhala kope, ndipo misozi ya Elube ikanangokhala misozi. Amene anazisandutsa chinthu choti maso anu aone ndine. Ntchito yanga inapita chifukwa cha nkhope imeneyi, ndipo sindikudandaula."

Elube anati, "Chithunzi cha achemwali anga munachikana, bambo, mpaka pamene ndinakutengani kumanda. Iwo awiri amayi anawagwirapo. Ine ndilibe ngakhale tsiku limodzi loti ndikumbukire."

Mkulu wakhungu uja anakhala ndi mpango pamiyendo, akuusisita ndi zala. Anatembenukira kumene kunachokera mawu a Malita, kenaka a Sigele, kenaka a Elube, koma dzanja lake silinatambasuke.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni Kapalamula. Pakati pa amene anakasonkhanitsa zimene anthu ankakumbukira, amene anadziwa kulankhula ndi makina, ndi amene anatsegula mtima wa bambo ake, mpango wa Nangozo upite kwa yani?