Dzino Lozulidwa Kawiri

Pa kampani ina yonyamula katundu panali dalaivala amene anzake ankamutcha Chidule, poti njira yaitali inkamudwalitsa mutu. Mzere wa kubanki ankaulowera pakati, fomu ankasaina asanawerenge. Tsiku limene abwana anagawira antchito makhadi a inshulansi ya kuchipatala, ena onse anangowaponya m'zikwama, koma iye anaona ng'ombe yamkaka. Iye analandira makhadi awiri, lake ndi la mkazi wake, opanda chithunzi, dzina ndi nambala basi.

Woyamba kubwereka khadi lake anali mlamu wake, amene dzino linamugoneka chokhala sabata yathunthu.

"Mukafika pa kauntala mungotchula dzina langa, alamu," anatero Chidule. "Kompyuta ilibe maso. Ine mundigulira mabotolo awiri, nkhani yatha."

Mbiri inawanda. Anabwereka mlonda wa pageti, anabwereka makanika, anabwerekanso wometa tsitsi. Khadi linayenda mtunda kuposa lole ya kampani, mwini wake akukolola pamene sanalime.

Tsiku lina m'mawa Chidule anadzuka tsaya litatupa ngati wabisamo dzira. Kuchipatala chaching'ono anamuyang'ana m'kamwa n'kupukusa mutu: muzu wa dzino unali wokhota, wofunika katswiri. Anamulembera kalata, iye n'kupita atagwira chibwano.

Ofesi ya katswiriyo inali yozizira bwino, mipando yofewa, pakhoma zithunzi za anthu osekerera ngati sanamvepo za lendi. Kuseri kwa galasi kunali mayi wolandira odwala, wamagalasi otsikira pamphuno, amene nkhope yake inkaonetsa kuti mabodza onse a padziko anawamva kale. Analandira khadi ndi kalata, n'kugogoda makiyi a kompyuta.

"Dzino lake ndi lomalizira, pansi kumanzere?"

"Lomwelo, mayi. Chonde fulumirani."

"Limeneli tinalizula kale chaka chatha."

"Mwati bwanji?"

"Tinazula, tinasoka, inshulansi inalipira. Mulibe dzino pamenepo, bambo."

"Nanga chikundipwetekachi n'chiyani? Mzimu wake?"

"Za mizimu si pano. Ine ndimawerenga zolembedwa, ndipo inshulansi silipira dzino limodzi kawiri." Anatsitsa maso pa kompyuta. "Komanso muli ndi ngongole. Pa mano anayi amene tinakuzulani panali gawo lanu loti mulipire nokha, simunalipire. Ndiye mano ochita kuika aja mukudya nawo bwino?"

Chidule anatseka pakamwa msanga, ngati mano ake onse angamuchitire umboni.

Dokotala anatuluka atamva phokoso. Anali mkulu wofatsa, wadazi lonyezimira. Anamulowetsa, anamugoneka pa mpando, n'kuyatsa nyali. Ankayang'ana m'kamwa, n'kuyang'ana chithunzi cha ekisire cha m'faelo, n'kubwereranso m'kamwa.

"Zaka makumi awiri ndili pa ntchitoyi," anatero, "sindinaonepo munthu womera mano kachitatu. Mukadakhala wa ku tchalitchi kwathu, Lamlungu mukadapereka umboni."

Kenako anamuuza njira ziwiri. Yoyamba, alembere a inshulansi kuti faelo ili ndi zolakwika. Iwo adzafufuza, ndipo pofufuza amayambira kwa abwana a kuntchito. Yachiwiri, alipire yekha ndalama zonse lero, pamodzi ndi ngongole ya mano anayi aja. Ndalamazo atazitchula, dzino linayamba laleka kupweteka kwa kamphindi, nalonso kudabwa.

Chidule anatuluka pakhonde n'kuimbira mlamu wake.

"Alamu, dzino lanu lija landitsekera chitseko. Tumizaniko kangachepe."

"Dzino langa liti, alamu? Ine m'mabuku a chipatala mano anga onse alipo. Amene anazulidwa ndi inu." Foni inaduka.

Makanika sanayankhe foni. Wometa tsitsi anati amupepesa pomumeta ulere. Tsaya likugunda ngati injini, Chidule anameza manyazi n'kuimbira mkazi wake, amene ankasoka zovala pa shopu yake. Anamuuza kuti kompyuta yachipatala yasokonekera. Mayiyo anasiya diresi la kasitomala pa makina, anatenga ndalama zimene ankasungira makina atsopano, n'kuthamangira komweko. Anawerenga ndalamazo pa kauntala mosadandaula, mwamuna wake n'kulowa kukabayidwa jakisoni.

Dzino lili mkati mozulidwa, mayi wa pa kauntala anasindikiza risiti, pamodzi ndi mndandanda wa chithandizo chonse cholembedwa pa makhadi a banjalo. Popereka anamuyang'ana mkazi uja pamwamba pa magalasi.

"Inu ndinu akazi awo?"

"Ndine."

"Mwasinthatu. Mwezi wathawu munali aatali, oyera. Nanga dzino lagolide tinakuikani kutsogolo lija mwachotseranji? Linkakukhalanitu."

Mkazi wa Chidule anawerenga pepala lija kuchokera pamwamba mpaka pansi, mwachifatse, ngati akuyeza nsalu. Dzina linali lake, nambala yake, tsiku lake linali Loweruka lija mwamuna wake anati wapita ndi lole kutali. Anapinda pepalalo kanayi n'kukhala pa mpando wofewa, chikwama pamiyendo.

Chidule anatuluka thonje lili m'kamwa, mlomo utalendewera, lilime litafa ngati chikopa.

"Bambo a kunyumba," anatero mkazi wake mokoma, mpaka odwala onse anatembenuka, "tandiuzani, mkazi wanu wa dzino lagolide uja ndi uti? Ndikufuna ndimuone, poti akuti ndine."

Munthu amene lilime lake linamutulutsa m'milandu ya apolisi apamsewu kosawerengeka anayesa kuyankha. Chinatuluka ndi dovu, ndi mawu onga a mwana wang'ombe.

"Asalankhule kwa maola awiri," anatero dokotala ali pakhomo.

"Musadandaule, adokotala, ndidikira. Bodza lofulumira silikoma." Anatembenukira ku galasi. "Mayi, fomu yodandaulira ku inshulansi ija muli nayo? Ndipatseni. Ine ndimawerenga ndisanasaine."

Anailemba pomwepo, mwamuna wake akuyang'ana, thonje likufiira. Patapita milungu itatu kalata inafika kwa abwana. Ntchito sinathe, poti madalaivala odziwa lole yaikulu ndi osowa, koma makhadi anawalanda, ndipo malipiro ake anayamba kudulidwa mwezi ndi mwezi kufikira dzino lililonse litabwezedwa, lagolide lomwe. Kunyumba anapeza zovala zake zitapindidwa bwino m'chikwama pakhomo. Anakagona pa mphasa kwa mlamu wake, amene madzulo aliwonse ankakukuta mafupa pamaso pake mosangalala, iye akumwa phala ndi tsaya limodzi.

Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.