Ubale Umene Dixon Anapempha

Mwana akamaseka yekha ndi foni, makolo inu musamati nzeru zikukula. Muzisuzumira. Kuno ku Braunstone, dera la mu Leicester, mayi Mabel, aja amasamalira okalamba, sanasuzumire, ndipo mwana wawo Dixon anadzikumbira dzenje atakhala m'khitchini momwemo.

Dixon ankaphunzira pa koleji ya konkuno ku Leicester, koma akuti inamukola: basi yomweyo, nkhope zomwezo, madzulo kukatsuka mbale kwa amake. Anaganiza zosamukira ku koleji ina yakumpoto, kutali ndi maso a akuluakulu. Kuti amulandire anayenera kulemba esee, ndiye kuti mawu odzifotokozera chimene mtima wake ukufuna.

Tsono mutu wake unali utadzaza mafilimu a ku Amereka, momwe anyamata apakoleji amakhala nyumba imodzi, kumwa, kuvina mpaka kugwa, n'kumatchulana abale. Gulu lotero akuti fulatenite. Tsiku lina amalume ake, a Elisha, pochokera ku ntchito ku weyahausi yosungira katundu, anam'peza akuwerengera amake zimene walemba.

"Ndikulakalaka moyo wa fulatenite. Ndidzasiya kwathu n'kukhala ndi abale okhaokha. Ndidzamvera akulu a nyumbayo, ndipo mwambo uliwonse wolowera ndidzaupirira."

Mayi Mabel anagwira pamtima. "Mwambo wolowera? Akakutemera mphini?"

"Mphwanga, chimenechi ndi gule wamkulu wa azungu kapena?" anatero a Elisha akuvula jombo. "Wafunsa ngati kumeneko chiliko?"

"Ankolo, zimenezi si za saizi yanu," anayankha Dixon, m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse. "Koleji iliyonse chiliko."

Anatumiza. Dzina la kolejiyo linali la woyera mtima wina, koma iye sanadabwe nazo. Ana inu, dzina limalankhula, muzilimvera.

Posapita nthawi kunabwera foni. Mayi wa ku ofesi anati esee yake yawakhudza kwambiri, achinyamata amakono salembanso zotere, ndipo ku nyumba ya abale chipinda chilipo. Dixon analumpha mpaka kugunda getsi. Anakatsanzika ku koleji yake yakale modzitukumula, anagula sipika yaikulu ngati mtondo ndi bokosi la mowa, a Elisha n'kumunyamula pa galimoto.

Atafika, amene anatsegula chitseko anali nkhalamba ya dazi, yovala mkanjo wofiirira, chingwe m'chiuno.

"Takulandira, m'bale wathu," inatero, ikumukumbatira. "Takhala tikukupempherera."

A Elisha anayang'ana mkanjo, anayang'ana mphwawo, n'kubwezera bokosi lija m'galimoto mwakachetechete. Akuti pobwerera anaseka njira yonse mpaka kuphonya potulukira pa Leicester.

Abale analipodi, aja odzipereka kwa Mulungu, koma wamng'ono pa onse anali ndi mano oikirira. Belu linkalira kusanache. Podya sankalankhula. Mwambo wolowera unali kusenda mbatatesi za anthu osowa pokhala ndi kukwecha zimbudzi. Mkazi m'nyumba yonse anali mmodzi, Amayi Maria, nawonso osema. Koma sipika ija abalewo anaikonda zedi, mpaka pano ikuimba za kwaya.

Sabata isanathe foni ya mayi Mabel inalira ali pa basi. Chichewa chimene Dixon ankati sachitha chinatuluka chosalala ngati cha ku Dedza.

"Amayi, chonde, mudzanditenge. Kuno si kumene ndimanena."

"Ndikutenge upite kuti? Kwakale kuja unatsanzika wekha, malo anapatsa wina. Suja unalemba kuti udzamvera akulu? Mvera, mwanawe. Ine masiku ano ndikugona tulo tabwino. Ukamagwada utikumbukireko ndi za mapepala athu okhalira m'dziko muno."

Dixon akadali komweko mpaka chaka chithe, mawondo ali gwa. Ndiye inu amene mumalemba zinthu zopita kwa anthu osawadziwa, chenjerani. Mawu amodzi omwewo kwina ndi phwando, kwina ndi pemphero, ndipo pepala silibwerera kudzakufunsa kuti umatanthauza chiyani. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.