Khasu la Nyenyezi

Kalekale, khasu likadali chinthu chosowa, nyenyezi ina idakalamba nkufa. Inde, nyenyezi nazo zimafa, koma iyi idasankha pofera poipa. Idathothoka masana dzuwa likuswa mtengo, nkugwera pa nkhokwe ya mayi wamasiye dzina lake Nakwenda. Mapira onse adapsa, ndipo khasu lake limodzi lokhalo, lomwe ankasunga pansi pa nkhokweyo, lidaphwanyika. M'phulusa mudatsala mwala wakuda, wolemera ngati mtondo wa mbawa.

Anthu adati ndi malodza, ndipo palibe adafunanso kumubwereka khasu kapena kumupatsa chakudya. Nakwenda anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Mwatitha, wongoyamba kuyenda. Ataona kuti mwalawo ndi chitsulo, adausenza kupita kwa alamu ake atatu, abale a malemu mwamuna wake, amisiri otchuka dera lonselo.

"Alamu, ndipangireni khasu msanga," adatero. "Kudimba kukadali chinyezi. Ndikabzala nyemba ndi maungu, mwana wanuyu akhala moyo. Chitsulo chotsala nchanu."

Woyamba anali Chimkwita, mwini ng'anjo yosungunulira chitsulo. Mwala wouma chotero panalibe wina akadaufewetsa. Koma mwambo wa ng'anjo unkafuna kuti mwamuna agone kutali ndi mkazi wake mpaka moto utazima, ndipo mkuluyu anali atangokwatira kumene. Lero mawa, lero mawa, zengerezu adalinda kwawukwawu. Nakwenda atapita kukamufulumiza, adamuthamangitsa ngati galu.

"Chokani alamu! Mkazi safika pang'anjo. Mukufuna kundiwonongera ntchito?"

Pamene adayatsa moto wake, dimba linali litauma gwa.

Wachiwiri anali Kadammanja, wosula. Khasu wamba ankalitha masiku awiri. Koma atamenya chitsulochi chidatuluka timizere tonyezimira tomwe sadaoneko chibadwire, ndipo mutu udamuzungulira. Adasula khasu, nkuti lapendama, nkulibweza pamoto. Adasulanso, nkuti khosi lake silikumukomera. Kasanu ndi kawiri konse! Ankaitana anthu a midzi ina kudzaonerera, iye akupopa mvukuto uku akudziyamikira yekha.

"Alamu, mvula yagwa, anzanga akubzala," adalira Nakwenda. "Ndipatseni ngakhale lopendamalo."

"Aa, mukufuna dzina langa linyozeke? Khasu ili adzalitchula adzukulu a adzukulu athu. Dekhani mtima."

Nakwenda adakanda pansi ndi mtengo wosongola, malo osakwana kuyalapo mphasa zinayi.

Wachitatu, Tsokalida, wosema mipini, ndiye amandiwawitsa mtima ndikamukumbukira. Mpini ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Panthawiyo minda inali itadzaza udzu, ndipo aliyense wokhala ndi khasu ankapalira kwa anzake nkulandira dengu la mawere. Udzu ukakula, malodza amaiwalika. Koma Tsokalida adaliyang'ana khasulo nkupukusa mutu.

"Chitsulo chakumwamba ndichiike pa mtengo wa pachitsamba? Chitha kutikwiyira. Pamafunika phingo wa kuphiri."

Adanyamula khasulo kuopa kuti mlamu wake angaikepo mtengo wachabechabe, nkupita. Adabwerera mwezi utatha, kupalira kutatha, mpini uli wakuda bii, wosalala, wojambulidwa nyenyezi kuyambira kumutu mpaka kunsi.

Atatuwo adabwera nalo pamodzi, akuseka, akukangana kuti waposa mnzake ndani. Adapeza Nakwenda atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo. Mwatitha anali atatsirizika m'mawa womwewo, m'mimba muli mizu ya kutchire yokhayokha.

Nakwenda sadalire. Adalandira khasulo, nkulitembenuza uku ndi uku.

"Lakongola, alamu. Zikomo. Tsopano lili ndi ntchito."

Adalipereka kwa adzukulu okumba manda. Amati nthaka inali youma, ya miyala, koma khasulo linkalowa ngati likudula phala lozizira. Manda okongola chonchija sadakumbidwepo m'dzikomo, ndipo amisiri athu adamva anthu akuyamikira luso lawo pamaliro a mwana wa mbale wawo. Manyazi bwanji!

Adzukulu atatsitsa mtembo, Nakwenda adaima pamphepete pa dzenje nkutambasula mkono.

"Musakwirire. Mwana wanga sapita yekha. Amene wamupha aponyemo zida zake, ndipo asadzatchedwenso mmisiri mpaka kufa."

"Si ine," adatero Chimkwita. "Ndikadayatsa ng'anjo osasunga mwambo, chitsulo chikadawonongeka. Ndipo chitsulo pochoka kwa ine mvula inali isanagwe."

"Si ine," adatero Kadammanja. "Mapira obzalidwa nthawi imene ija sakadacha mpaka lero. Khasu pochoka kwa ine, mwanayo amayenda yekha."

"Ndiye ine?" adakuwa Tsokalida. "Inu mudadya miyezi inayi, ine umodzi wokha! Mwanayo adafika m'manja mwanga ataonda kale."

Woyamba adamutayitsa Nakwenda dimba chifukwa cha mphasa ya mkazi watsopano. Wachiwiri adamutayitsa munda chifukwa cha dzina. Wachitatu adamutsekera khomo lomaliza chifukwa cha mantha ndi kunyada.

Dzenje likadali chitsegukire, adzukulu agwira dothi m'manja, mayi uja sakusuntha. Nanga inu mukuti aponyemo zida zake ndani: Chimkwita, Kadammanja, kapena Tsokalida?