Chikuni cha Maliro Pachipata cha Munthu Wamoyo

Panali munthu wina wokalamba ku Ilokosi, dera la m'mbali mwa nyanja yamchere m'dziko la Philippines. Deralo ndi lopapatiza: uku mapiri, uku nyanja, pakati kamtunda kouma kolimapo adyo ndi fodya. Minda ikachepa, ana amachoka. Ana ake anayi onse anawoloka nyanja kukafuna ntchito, kenako mkazi wake anamwalira. Mkuluyo anatsala yekha ndi adyo wake wolendewera kudenga.

Anansi analipo, musaganize kuti ankakhala m'chipululu. Koma uyu ali kophika mchere, uyu ali koyanika fodya, aliyense ndi zake. Podutsa ankangokweza dzanja ali kutali. Miyezi inatha munthu osaponda pakhonde pake. Mkuluyo anafika poyankhula ndi nkhuku kuti aone ngati mawu akutulukabe. Anasungulumwa koopsa.

Tsono kumeneko kuli mwambo. Pakhomo pakagwa maliro, amayatsa chikuni chachikulu pachipata, ndipo chimafuka mpaka womwalirayo ataikidwa. Woona utsiwo safunsa. Amasiya zonse n'kupita.

Tsiku lina m'mawa mkuluyo anakoka chikuni mpaka pachipata, nachiyatsa. Analowa m'nyumba, nakhala pampando kuseri kwa chitseko.

Abale anga, ola silinathe! Ophika mchere anasiya miphika pamoto. Olima adyo anafika matope ali m'miyendo. Patsogolo panali mayi wina, Marising, wa nyumba yoyandikana nayo, atafunda nsalu yakuda kumutu. Anayamba kubuma ali pabwalo, monga amachitira kwawoko, kutchula zabwino za womwalira chimodzichimodzi, akumutchula kuti Manong, dzina laulemu la mwamuna wamkulu kumeneko.

"Manong, achimwene athu! Inu amene munatifolerera nyumba itasasuka ndi mphepo yamkuntho! Inu amene munanyamula mwana wanga wodwala mpaka kumsewu! Titsamira yani ife?"

Chitseko chinatseguka. Mkuluyo anaima pakhomo, misozi ili mbwembwembwe.

Anthu anabwerera m'mbuyo ndi mantha. Mantha atatha, unabwera mkwiyo. "Mwatani, Manong? Moto uwu ngosewera nawo? Mukudziitanira imfa!"

Mkuluyo anayang'ana Marising, nati, "Mlongo wanga, kani zonsezi umazikumbukira? Ine ndimayesa ndinaiwalika. Ukanabwera dzana kudzandiuza chimodzi chokha, ndikanagona bwino."

Wina anathira madzi pachikunicho, ndipo anthu anabwerera kuntchito zawo akung'ung'udza kuti nkhalamba yasokonezeka mutu. Mkuluyo anakhala pakhonde n'kumawayang'ana mpaka womaliza atakhota.

Ine sindikuti anachita bwino, ayi. Mwambo wa maliro si wosewera nawo. Koma taonani: anthu amene anasowa mphindi zisanu kwa miyezi yonse ija anaipeza nthawi tsiku limodzi, atangomva fungo la maliro. Ndipo musaseke a ku Ilokosi, ife timaposa. Basi ya kumaliro timadzaza mpaka ena kuimirira, nyimbo timaimba zogwetsa misozi, mbiri ya womwalira timaiwerenga yokoma ngati ya mngelo, mwiniwake ali gone m'bokosi osamvako kanthu.

Pali munthu amene inu mukudziwa kale zimene mudzanene pamaliro ake. Lero ali moyo, ali yekha, ndipo makutu ake akumva. Mukatuluka muno, pitani mukamuuze.