Matayala Aakulu a Wamalonda wa ku Tsangano

Kudera la Tsangano kunali munthu wina wochita malonda a mbatatesi. Anali ndi galimoto ya pikapu, yakale ndithu koma yokhulupirika. Vuto lake linali limodzi: inali yaifupi. Ikasenza matumba, mimba yake inkakhula pansi, ndipo pamene msewu unakumbika mwini wake ankatsika n'kuyamba kuponya miyala m'maenje. Anzake a pamsika ankamuseka kuti galimoto yake imayenda chokwawa ngati buluzi.

Chaka china mbatatesi zinachita bwino, malonda anayenda, ndipo munthuyo anati nthawi yakwana. Anapita nayo ku Ntcheu, ku galaja ya a Kamtedza, makaniko wodziwa kukweza magalimoto. Masiku atatu anakhala pomwepo osafuna kuchoka, kuonerera akumanga masipuling'i atsopano ndi zitsulo zokwezera. Atachotsa jeki, galimoto sinabwerere pansi. Inangoima m'mwamba momwemo. Munthu uja anaizungulira kawiri, analowa kunsi kwake, n'kutulukira mbali inayo akuseka yekha.

Panatsala kusankha matayala. A Kamtedza anamuonetsa ena okulirapo pang'ono, oyenerana ndi injini yake. Koma maso a wamalonda anali atagwera kale pakona, pamene panaima matayala anayi akuluakulu, a mano ngati a thirakitala. Mtima wake unadumpha. Anati akufuna amenewo basi.

"Achimwene," anatero a Kamtedza, "awa akutalikitsirani galimoto, koma mphamvu sakuwonjezerani. Yanuyi imakoka ndi magudumu akumbuyo okha. Akutsogolowa amangokankhidwa."

Wamalonda anayankha kuti zimenezo munthu woima m'mbali mwa msewu sazidziwa. Choncho a Kamtedza anadula pang'ono malata a m'mbali kuti matayalawo akwane, n'kuwamanga.

Tsiku limene wamalonda anabwerera kwawo, msika unaima. Amayi anasiya tomato wawo, amuna anasiya bawo, onse kukhamukira kumsewu. Galimoto ija inkadutsa pa maenje ngati palibepo kanthu, mwini wake ali pamwamba, chigongono pawindo, akuliza hutala. Wina anafunsa ngati wagula yatsopano, ya mtundu wa magalimoto a mabungwe aja amakoka ndi magudumu onse anayi. Iye sanavomere, sanakanenso. Anangomwetulira. Mbiri inafala choncho, ndipo patapita milungu ingapo, iye mwini anayamba kuikhulupirira. Pachitunda galimoto inkalemera kuposa kale, mafuta inkamwa kwambiri, koma zonsezo ankaziiwala anthu akamucheukira.

M'mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, mwana wake wamkazi Esinala ankakwatiwa. Tchalitchi chinali kutsidya kwa dambo, ndipo abusa ananeneratu kuti dzuwa likafika pamutu anyamuka, chifukwa ankadikiridwa ku mpingo wina. Pikapu inakongoletsedwa ndi maluwa ndi maliboni. Mkwatibwi anakhala kutsogolo ndi mayi ake, amayi a kwaya anadzaza kumbuyo, nyimbo ndi nthungululu zili pakamwa.

Anafika pamphambano. Njira ina inali yozungulira, yodzera pa mlatho. Ina inali yachidule, yodula pakati pa dambo. Mkazi wa wamalonda uja anamupempha mofatsa kuti adzere ku mlatho, pakuti nthawi inalipo. Koma m'mbali mwa dambo munali anthu ambiri oonerera, ndipo ena anayamba kukuwa kuti awaonetse mphamvu za galimoto. Wamalonda anapinda chiwongolero n'kulowa m'dambo.

Poyamba zinali zokoma. Madzi ankathovoka uku ndi uku, amayi anakweza nyimbo, anthu ankathamanga m'mbali akuwomba m'manja. Koma atafika pakati penipeni, galimoto inayamba kuzengereza, kenako inaima. Magudumu akumbuyo ankazungulira pamalo amodzi, kumwaza matope m'mwamba. Akutsogolo anangoti duu, aakulu, okongola, osagwira ntchito. Iye anaponda moto, anapondanso, ndipo mano a matayala aja anakumba dzenje lakuya kuposa limene matayala ang'ono akanakumba. Nyimbo inatha. Kutsidya belu la tchalitchi linayamba kulira. Atacheuka, anaona Esinala atagwira velo yake ndi manja awiri, misozi ikutsika mwakachetechete.

Anthu a m'mbali sanasunthe. Ankadikira kuti akoke chitsulo chimene amakoka oyendetsa magalimoto amphamvu, kuti magudumu onse agwire. Chitsulo chimenecho munalibe.

Pamenepo munthu uja anazimitsa injini. Anavula nsapato, anapinda buluku la suti yake, n'kutsikira m'matope ofika m'maondo. Anaima pamaso pa onse nati, "Abale anga, galimotoyi si mmene imaonekeramu. Imakoka ndi awiri okha, ndipo ine ndinkadziwa. Chonde ndithandizeni, mwana wanga asachite manyazi chifukwa cha ine."

Mawuwo asanathe, anthu anali atalumphira kale m'dambo. Mlimi wina wachikulire, a Ngozo, amene ankadutsa ndi ngolo, anamasula ng'ombe zawo ziwiri n'kumanga tcheni kutsogolo kwa galimoto. Amayi a kwaya anatsika, anamanga zitenje m'chiuno, nayambitsa nyimbo yokankhira. Ng'ombe zinakoka, anthu anakankha, matope analira, ndipo pikapu inazuka. Nthungululu zake zinamveka mpaka kutchalitchi. A Ngozo sanamasule tcheni. Anatsogolera ng'ombe zawo mpaka pakhomo, gulu lonse likuvina pambuyo, ndipo anapeza abusa asananyamuke. Esinala analowa akuseka, bambo ake ali pambali pake, opanda nsapato, matope mpaka m'maondo.

Abale ndi alongo, moyo wachikhristu ukhoza kukwezedwa kunja kokha. Tikhoza kuvala bwino, kupemphera mokweza, kukhala pa mpando wakutsogolo, anthu n'kumatiyesa amphamvu, mpaka ifenso n'kudzinamiza. Pa msewu wouma palibe amene angadziwe. Koma aliyense wa ife adzafika pa dambo lake: matenda, maliro, mayesero a m'banja. Pamenepo chimene chidzatiwolotse ndi mphamvu ya Mulungu yokhala m'kati mwathu, ndipo imeneyo timaipempha lero, tisanafike m'matope.

Ndipo ngati alipo pano amene watitimira kale, ndikuti kwa inu: lekani kuponda moto, mukungokulitsa dzenje. Tsikani. Nenani zoona pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa abale anu. Thandizo lili pafupi kuposa mmene mukuganizira, likungodikira kuti mutsegule pakamwa.