Fupa la a Kamphinda

Pasukulu yathu a Kamphinda, mphunzitsi wa Chingerezi, anaika lamulo: wolankhula Chichewa azivala fupa la ng'ombe m'khosi mpaka atagwira mnzake. Woweruka nalo ankatchetcha bwalo lonse la mpira.

Lachisanu lina fupa linagwera Malita, ndipo anzake onse anatseka pakamwa. Belu litatsala pang'ono kulira, Malita anakweza dzanja n'kufunsa m'Chingerezi tanthauzo la "run".

A Kamphinda anafotokoza m'Chingerezi chozama. Malita anafunsanso kuti nanga mpopi, wopanda miyendo, umachita bwanji "run"? A Kamphinda anafotokozanso. Nanga mphuno? Nanga mwini sitolo akamaichita "run" amapita nayo kuti?

Thukuta lili kamukamu, a Kamphinda anamenya tebulo.

"Iwe Malita, mutu wakowo ndi mwala? Mpopi ukutulutsa madzi, mphuno ikuchucha mamina, sitolo akuiyendetsa! Chovuta n'chiyani pamenepa?"

Malita anavula fupa lija, n'kugwada, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Zikomo aphunzitsi, m'Chichewamu ndamva bwino. Chikwakwa chili kuseri kwa chitsekocho."

Pomwepo belu linalira.