Nanzikambe wa M'chipinda cha Lonjezo

Kuseri kwa nyumba ya a Gerishon, m'mudzi wina wa kumapiri a ku Dambe, kunali mtengo wa nachesi umene unkabereka mpaka nthambi kugwada. Pa nthambi ya kum'mawa pankalendewera kakhola ka waya, ndipo m'kakholamo munkakhala nanzikambe wa miyendo itatu. Mwendo wachinayi unapsa ndi moto wolusa chilimwe china. Amene anamutola palupsa ndi Lonjezo, mwana yekhayo wa a Gerishon ndi mayi Callista, munthu amene chibadwire sankatha kudutsa chamoyo chovulala osaima. M'mawa uliwonse nanzikambeyo ankakwera mwapang'onopang'ono pakamtengo ka m'kholamo n'kupendekeka kuothera dzuwa, thupi lili biriwiri ngati msipu wa mvula yoyamba.

Lonjezo sanachoke bwino pakhomopo. Anapeza ntchito yoyendetsa galimoto ya katundu pakati pa Beira ndi Blantyre, pamene bambo ake ankafuna kuti atsale, alandire munda wa mbatatesi ndi manachesi manja awo asanafooke. Mawu anakula mpaka anaposa eni ake. Tsiku lonyamuka a Gerishon anaima pakhonde nkhope ili gwa.

“Ukangowoloka mtsinje uwo, mawu anga usadzawayembekezerenso,” anatero.

Lonjezo anagwada potsanzika mayi ake, n'kuwanong'oneza kuti nanzikambe uja azimupatsa ziwala ndipo amusiye pomwe alipo. Kenaka anatsetsereka phiri chikwama chili kumsana.

Mayi Callista ankachita nthumanzi ndi maso ozungulira a kanyamako, choncho sipanatenge nthawi, ntchito yogwira ziwala inagwera amuna awo. A Gerishon ankang'ung'udza pochita, koma ankachita. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kuchedwa pamtengopo. Ankaima n'kumaonerera lilime likuthamanga ngati legeni, ndipo akaona kuti palibe wowamva ankalankhula nako. Pa zonse zimene mwana wawo anasiya, ndi chokhachi chimene chinkapuma.

Tsiku lina amayi a kumpingo anabwera kudzacheza. Mmodzi anapita kuseri kukathyola nachesi, ndipo anabwerako atagwira pakamwa. Lamulungu lotsatira, a Gerishon akutuluka m'tchalitchi, anamva kunong'ona kumbuyo kwawo.

“Mkulu wa mpingo kuweta nanzikambe, eti? Nanga manachesi obereka chonchija mumati ndi manyowa okha?”

Mawuwo anawalasa ngati minga ya mthethe. Atafika kunyumba anamasula kakhola kaja n'kukalowetsa m'chipinda cha Lonjezo, chimene zenera lake lamatabwa linali lisanatsegulidwe chichokere mwini wake.

“Bambo a Lonjezo, paja mwana anati timusiye pamtengo,” anatero mayi Callista.

“Anati, anati! Pakhomo pano mwini wake ndani? Muno mulibe mvula, mulibe khwangwala, mulibenso maso a anthu. Akusowa chiyani?”

Kuyambira pamenepo masana a a Gerishon ankathera m'chipindamo. Ankakhala pabedi la mwana wawo, mumdima wonunkhira sopo ndi nsapato zakale, n'kumadyetsa nanzikambe ziwala zonona. Njinga yamoto ikamveka kutsidya ankatchera khutu poganiza kuti mwina yabweretsa mwana wawo, mpaka phokoso lake litazimiririka kulowera ku Magaleta. Mayi Callista ankalankhula naye mwanayo pafoni mwa apo ndi apo, koma amuna awo anawaletsa kutchula za kanyamako.

“Akamva kuti ndikusamala chinthu chake, aziti ndagonja,” ankatero.

Mvula inabwera n'kupita. Nanzikambe anayamba kufwifwa, ubiriwiri uja n'kusanduka mtundu wa phulusa. Miyendo inayamba kupindika ngati mphasa yonyowa, ndipo akati agwire kamtengo zala zinkanjenjemera. Lilime limene kale silinkaphonya linayamba kugwera panjira. A Gerishon anawonjezera ziwala, anawonjezera madzi, koma zinthu zinkangoipirabe.

“Muimbireni mwana,” anachonderera mayi Callista. “Zinthu izi amazidziwa ndi iye. Kufunsa za nanzikambe si kupepesa ayi.”

“Ndimuimbire nditi chiyani? Mawu ndinalavula ndekha, ndiwanyambitenso?”

M'malo mwake anaganiza okha kuti mwina vuto ndi mdima. Anatsikira kumsika, kusitolo ya a Issa, mnzawo wakalekale, n'kupempha babu wowala kwambiri woyendera sola.

“Ndi wa m'nyumba kapena wa kukhola?” anafunsa a Issa.

“Wa anapiye,” ananama a Gerishon, maso ali pashelefu.

“Nanga Lonjezo akupeza bwanji kumsewuko? Mwana waulemu uja, ndamusowa.”

“Ali bwino,” anayankha msangamsanga, ngakhale mawu a mwana wawo anali atayamba kuwaiwala kamvekedwe kake. Analipira babuyo n'kutuluka m'sitolomo.

Babu uja anawalitsa chipinda mpaka ulusi wa kangaude kuoneka, koma nanzikambe sanasinthe. M'mawa wina a Gerishon anamupeza ali pansi pa kakhola, atagwa pakamtengo, chibwano chitalobodoka, kukamwa kukukanika kutsekeka. Pamenepo manyazi anawathera. Anamunyamula m'manja awiri ngati khanda n'kutuluka naye pabwalo, poyera, pamene amayi opita kumjigo ankadutsa. Anakhala pansi n'kumugoneka padzanja, dzuwa likumuomba. Kanyamako kanatembenuza diso limodzi kumwamba, kanayesa kupendekeka monga kankachitira kale, ndipo pamsana pake panabwera kaubiriwiri kochepa. Dzuwa lisanafike paliwombo kanali katauma.

A Gerishon anakhala pomwepo nthawi yaitali. Kenaka, osayang'ana akazi awo kumaso, anatambasula dzanja.

“Mayi a Lonjezo, ndibwerekeni foni.”

Inaitana kawiri kokha.

“Amayi?”

“Ndine,” anatero a Gerishon. “Nanzikambe wako wafa, mwana wanga. Ndinamulowetsa m'chipinda chako kuopa pakamwa pa anthu. Ndinkamudyetsa, ndinamugulira ndi babu yemwe. Kodi ndinalakwitsa pati?”

Pafonipo pankamveka injini ikulira chapatali.

“Ababa, ndi inu amene mumamusamala?” anafunsa Lonjezo. Kenaka anapitiriza mofatsa. “Chinamupha ndi kusowa dzuwa. M'dzuwa muli kuwala kwina kumene maso athu sakuona, ndipo ndi kumene kumalimbitsa mafupa a abuluzi ndi ananzikambe. Popanda kumeneko, ngakhale adye chotani, mafupa amafewa. Babu wamba alibe, ndipo ngakhale galasi la pazenera limakutchinga. Oweta m'nyumba amachita kugula mababu ake apadera. Mukanangondifunsa, ababa.”

“Ndinkachita manyazi.”

“Inenso,” anatero Lonjezo. “Miyezi yonseyi ndakhala ndikudutsa pa Zalewa. Ndikafika pamphambano yolowera kwathu ndinkachepetsa liwiro, foni ili pamwendo. Ndinkati tsiku lina ilira, munene ngakhale mawu amodzi okha, ndikhote. Ulendo wina ndinaima pamenepo mpaka anzanga anandisiya.”

“Khota tsopano. Ukadzadutsa ulendo uno, khota basi.”

“Sindidutsanso kumeneko, ababa. Mabwana ankafuna munthu wa msewu wa ku Durban ndi ku Congo, wopita zaka zingapo osabwerera. Anzanga onse anakana chifukwa cha mabanja awo. Ine ndinavomera sabata yatha, poti ndinkati kwathu kulibe wondidikira. Panopa ndawoloka kale malire.”

Mayi Callista anawalanda foni amuna awo mwakachetechete n'kulowa nayo m'nyumba, akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Masiku ano bambo ndi mwana amalankhulana Lamulungu lililonse, netiweki ikalola. A Gerishon amakwera pachulu cha kumunda pamene foni imagwira bwino, n'kumafunsa mayina a matauni amene sadzawaona. Akamaliza satsika msanga. Amayang'ana kumwera, kumene mapiri amathera mu utsi, n'kumawerengera m'mtima zaka zawo ndi zaka za ntchito ya mwana wawo, osadziwa kuti ziyambe kutha ndi ziti. Funso limodzi lokha, lofunsidwa pa nthawi yake, likanapulumutsa kanyama kaja n'kukhotetsa galimoto pa Zalewa. Koma paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.